Sikirini siikutembenuka, manambala sakumveka: kufufuza vuto la accelerometer pa Linux

Accelerometer ndi kasensa koyeza kupendekeka ndi kugwedezeka kwa chipangizo, ndipo madandaulo ake pa Linux amabwera mosiyanasiyana. Wina waika Linux pa tabuleti kapena pa laputopu yopindika ija, koma akaitembenuza sikirini imangokhala chilili. Kwa wina sikirini ikutembenuka ndithu, koma mozondoka, kapena ikapendekera kumanja zolembedwa zimathawira kumanzere. Wina walumikiza kasensa ka MPU-6050 pa kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi, pulogalamu yake ikulandira manambala, koma pamene amayembekeza -16 akuona 65520. Palinso amene zonse zimawayendera bwino mpaka kompyuta itagona n'kudzuka.

Ambiri akafika pamenepa amathamangira kudawuniloda mtundu wina wa Linux. Musawononge bandulo. Ubuntu, Fedora, Debian ndi Arch onse amagwiritsa ntchito ma driver omwewo (timapulogalamu toyendetsa zipangizo) a mu kernel, umene ndi mtima wa Linux, komanso pulogalamu yomweyo yonyamula uthenga wa sensa, ndiye vuto limene mwalisiya uku mukalipezanso uko. Chofunika ndi kudziwa pamene uthenga ukuthera. Madzi akasiya kutuluka pa mpopi munthu sagumula bafa, amatsatira paipi kuchokera ku mita mpaka apeze pamene patsekeka. Apanso timayambira pansi, pa chip yeniyeniyo, n'kumakwera.

Njira yake ndi iyi. Chip ya accelerometer imalumikizidwa kudzera pa njira za mawaya zotchedwa I2C kapena SPI, kapena imabisala kuseri kwa kapurosesa kakang'ono kotchedwa sensor hub. Driver ya mu kernel imayankhula ndi chipyo n'kuika zimene yapeza mu gawo la kernel loona za masensa lotchedwa IIO, limene Jonathan Cameron analiyambitsa. Linalowa mu staging, malo a kernel oyeserako zatsopano, mu 2009 ndipo linakhazikika mu kernel yeniyeni mu 2012, pa Linux 3.5. IIO imaonetsa manambalawo ngati mafayilo mu /sys ndi mu /dev. Pamwamba pake pali udev, pulogalamu yozindikira zipangizo zolumikizidwa, kenako iio-sensor-proxy ya Bastien Nocera, imene imamasulira manambala kukhala mawu osavuta monga normal kapena left-up n'kuwapereka pa D-Bus, njira imene mapulogalamu amatumizirana uthenga. Pomaliza GNOME kapena KDE, mapulogalamu oyendetsa zimene mumaona pa sikirini, ndi amene amasankha kutembenuza sikirini kapena ayi.

Kodi kernel ikuiona n'komwe?

```
ls /sys/bus/iio/devices/
grep . /sys/bus/iio/devices/iio:device*/name
```

Lamulo lachiwirili musalidumphe. Anthu ambiri amangoganiza kuti iio:device0 ndiye accelerometer, pamene pa laputopu zambiri nambala imeneyo yatengedwa ndi sensa ya kuwala, imene dzina lake ndi als. Manambalawa amaperekedwa potengera driver imene yayamba kudzuka, ndipo amatha kusinthana mukayatsanso kompyuta. Pulogalamu iliyonse imene mukulemba iziyang'ana fayilo ya name, isamadalire nambala. Pa laputopu zopindika mpaka kumbuyo mumatha kupeza ma accelerometer awiri, ina mu sikirini, ina pansi pa kiyibodi, ndipo pa ma kernel atsopano fayilo ya label imanena accel-display kapena accel-base.

Ngati fodayo ilibe kanthu, kapena kulibe n'komwe, driver siinalowe. Pa tabuleti zotchipa za Intel Atom, zimene ambiri timagula zogwirapo kale ntchito, onani `ls /sys/bus/i2c/devices/`. Dzina ngati KIOX000A likutanthauza chip ya Kionix ndipo driver yake ndi kxcjk_1013. BOSC0200 kawirikawiri ndi ya Bosch, driver yake bmc150_accel_i2c. MXC6655 imayenda ndi mxc4005. Pa laputopu zazikulupo sensa simuiona pa I2C chifukwa ili kuseri kwa hub. Za Intel zimafuna intel_ish_ipc ndi intel_ishtp_hid, za AMD Ryzen zimafuna amd_sfh imene inalowa mu Linux 5.11, ndipo pamwamba pa zonsezi pamafunika hid_sensor_hub ndi hid_sensor_accel_3d. Onani ndi `lsmod`, yesani `sudo modprobe` ndi dzina la driver, kenako werengani `sudo dmesg | tail -30`. modprobe ikanena kuti module kulibe, pa mitundu ya Ubuntu imene ili ndi phukusi la linux-modules-extra yambani mwaona ngati la kernel yanu linaikidwa. Ngati munamanga kernel nokha, fufuzani CONFIG_IIO ndi dzina la driver mu fayilo ya config.

Pa bolodi ngati Raspberry Pi nkhani ndi ina. I2C siidzilengeza yokha ngati USB, choncho kernel siingadziwe kuti mwalumikiza kanthu mpaka mutaiuza. Yambani ndi `i2cdetect -y 1`. MPU-6050 imaoneka pa 0x68, kapena pa 0x69 ngati pini ya AD0 yalumikizidwa ku magetsi. ADXL345 imaoneka pa 0x53 kapena 0x1D. Ngati paliponse pali timizere (--) m'malo mwa nambala, vuto ndi mawaya, SDA ndi SCL zasinthana kapena GND siinagwire, ndipo palibe lamulo limene lingakonze zimenezo. Mukaona UU musade nkhawa, zikutanthauza kuti driver yaigwira kale. Samalaninso ndi wotchi za DS3231 ndi DS1307, chifukwa nazonso zimakhala pa 0x68, ndipo zikakumana ndi MPU-6050 pa waya umodzi zonse ziwiri zimayankha nthawi imodzi.

Chinthu china chimene chimavutitsa anthu kwambiri ndi timabolodi ta GY-521 togulidwa motchipa. Pamwamba palembedwa MPU-6050 koma mkati muli chip ina. Funsani chipyo yokha driver isanaigwire:

```
i2cget -y 1 0x68 0x75
```

MPU-6050 yeniyeni imayankha 0x68. Ikayankha 0x70, muli ndi MPU-6500, ndipo muuze kernel dzina limenelo. Pa ADXL345 rejisita 0x00 imayankha 0xE5. Poyesera, mutha kuuza kernel pamanja:

```
echo mpu6050 0x68 | sudo tee /sys/bus/i2c/devices/i2c-1/new_device
```

Izi zimatha mukazimitsa. Zokhalitsa zimalembedwa mu device tree, fayilo youza kernel zimene zili pa bolodi, ndi compatible monga "invensense,mpu6050" kapena "adi,adxl345". ADXL345 ili ndi ma driver awiri mu kernel, yakale ya adxl34x imene imaionetsa ngati chipangizo cha input, ndi ya IIO yotchedwa adxl345. Ikakhala kuti yakaleyo ndi imene yagwira, mu /sys/bus/iio simupezamo kanthu ngakhale chip ikugwira ntchito bwinobwino.

Pa mafoni ambiri a Android, makamaka a Qualcomm, masensa amayendetsedwa ndi purosesa ina yapadera ndipo kernel siiwaona ngati zipangizo za IIO. Kumeneko kusowa kwa fodayi si vuto la driver.

Manambala alipo. Kodi ndi oona?

Lowani mu foda ya accelerometer n'kuwerenga:

```
cat in_accel_x_raw in_accel_y_raw in_accel_z_raw in_accel_scale
```

Manambala a raw si muyeso wa chilichonse paokha, ndi zimene chip yawerenga basi. Kuti akhale muyeso, phatikizani raw ndi offset ngati fayilo ya in_accel_offset ilipo, kenako chulukitsani ndi scale. Zotsatira zake zimakhala mu m/s², osati mu g. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka, chifukwa mapepala a chip amalankhula za g pamene IIO imalankhula za m/s².

Mwayi wake ngwakuti choyesera muli nacho kale, ndicho mphamvu ya dziko yokokera zinthu pansi. Gonekani chipangizocho pa tebulo losapendekeka. Mbali ziwiri zikhale pafupi ndi ziro, yachitatu ikhale pafupi ndi 9.81, kaya ndi minus kapena ayi. MPU-6050 ikakhala pa ±2g imapereka 16384 pa g imodzi ndipo scale yake ndi 0.000598, zimene zikachulukitsidwa zimapereka 9.8. ADXL345 imapereka pafupifupi 256 ndi scale ya pafupifupi 0.0383, ndipo yankho ndi lomwelo. Chikhale chopendekeka mulimonse, bola chisagwedezeke, mukachulukitsa x, y ndi z iliyonse ndi iyo yokha, n'kuphatikiza, n'kutenga square root, muyenera kupeza pafupi ndi 9.81. Kusiyana pang'ono n'kwachibadwa pa chip zotchipa. Koma mukapeza pafupifupi 19.6 kapena 4.9, scale imene mukugwiritsa ntchito siikugwirizana ndi mlingo umene chip yaikidwapo. Izi zimachitika pulogalamu ikawerenga scale kamodzi kenako wina n'kuisintha, kapena munthu akakopera nambala pa intaneti m'malo mowerenga fayilo. Milingo yololedwa ili mu in_accel_scale_available.

Manambala akapanda kusintha ngakhale mukugwedeza, onani in_accel_sampling_frequency, mwina ili pa ziro kapena yatsika kwambiri. Masensa a kuseri kwa hub ali ndi fayilo ya in_accel_hysteresis, ndipo satumiza uthenga watsopano mpaka kusintha kutapitirira mlingo umenewo. Ena amapereka ziro kapena nambala yakale pa kuwerenga koyamba chifukwa anali atagona posunga batire. Werengani kangapo musanagamule.

Zatembenuka koma mozondoka

Ili ndilo vuto lobwerezabwereza koposa onse, ndipo chifukwa chake chimveke bwino. Chip imadziwa x, y ndi z zake zokha. Siidziwa kuti opanga tabuleti anaimata moyang'ana kuti pa bolodi, ndipo iwo amaimata paliponse pamene papezeka malo, nthawi zina chafufumimba, nthawi zina cham'mbali. Pa Windows opangawo amaika kukonza kwake mu driver kapena m'zoikamo zawo, ndipo mukafufuta Windows kukonzako kumapita nayo limodzi. Sensa siinawonongeke. Chasowa ndi manambala 9 otchedwa mount matrix, amene amanena mmene mbali za chip zikugwirizanira ndi mbali za sikirini.

Kernel siikonza manambala a raw ndi matrix imeneyi. Ikakhala kuti ikuidziwa, kuchokera mu device tree pa mount-matrix kapena mu ACPI (zimene BIOS imauza kernel za zipangizo), imangoionetsa mu fayilo monga in_accel_mount_matrix kapena in_mount_matrix, ndipo kuchulukitsa ndi ntchito ya pulogalamu yowerenga. Ngati mukulemba pulogalamu yanu, ntchitoyo ndi yanu. Ndimaona kuti kernel inachita bwino pamenepa, chifukwa raw ikakhala raw nthawi zonse munthu amadziwa chimene akuyang'ana, koma n'zoona kuti zimadabwitsa amene akuyamba kumene.

Kwa iio-sensor-proxy matrix imachokera choyamba ku udev, mu fayilo ya systemd yotchedwa 60-sensor.hwdb, momwe anthu akhala akulembamo tabuleti zawo imodzi ndi imodzi. Yanu ikakhala kuti mulibe, mulemba nokha. Thamangitsani `monitor-sensor`, imene imaonetsa zimene iio-sensor-proxy ikunena, imikani tabuleti mowongoka, n'kumaitembenuza mbali zonse zinayi mukulemba pa pepala zimene ikunena: normal, left-up, bottom-up, right-up. Muziimika ndithu, chifukwa ikagona pa tebulo mphamvu yonse imakhala pa z ndipo pulogalamuyo siingasankhe mbali.

Kuchokera pa pepalalo matrix imapezeka mosavuta. Ngati mbali zonse zinayi zazondoka, x ndi y zonse zikufuna minus: `-1, 0, 0; 0, -1, 0; 0, 0, 1`. Ngati normal ndi bottom-up zokha ndi zimene zasinthana, ndi y yokha: `1, 0, 0; 0, -1, 0; 0, 0, 1`. Ngati ndi left-up ndi right-up zokha, ndi x yokha: `-1, 0, 0; 0, 1, 0; 0, 0, 1`. Ngati mwaimika mowongoka koma ikunena left-up kapena right-up, x ndi y zasinthana malo, ndiye yambani ndi `0, 1, 0; 1, 0, 0; 0, 0, 1`, muyesenso, kenako muike minus pa mzere umene ukadali wozondoka. Kumbukirani kuti zimene mwalemba mu hwdb zimalowa m'malo mwa matrix ya kernel, siziphatikizidwa nayo, choncho ngati panali ina kale yambani mwaiwerenga.

Kuti udev idziwe kuti matrix ndi ya chipangizo chiti, pamafunika maina awiri, la sensa ndi la kompyuta:

```
cat /sys/class/dmi/id/modalias
cat /sys/$(udevadm info -q path -n /dev/iio:device0)/../modalias
```

Pangani fayilo /etc/udev/hwdb.d/61-sensor-local.hwdb yokhala ndi mizere iwiri:

```
sensor:modalias:acpi:KIOX000A*:dmi:*:svnWOPANGA:pnMTUNDU:*
 ACCEL_MOUNT_MATRIX=0, 1, 0; 1, 0, 0; 0, 0, 1
```

M'malo mwa WOPANGA ndi MTUNDU lembani ndendende zimene zili mu modalias yanu, momwe mipata ya pakati pa mawu imakhala itachotsedwa kale. Mzere wachiwiri umayamba ndi mpata, woyamba ayi. Kampata kameneka kakasowa palibe chimene chimachitika, ndipo munthu amatha usiku wonse akusinthasintha matrix imene siikuwerengedwa n'komwe. N'chifukwa chake musayese matrix musanatsimikize kuti yalowa:

```
sudo systemd-hwdb update
sudo udevadm trigger -v -p DEVNAME=/dev/iio:device0
udevadm info /dev/iio:device0 | grep ACCEL
sudo systemctl restart iio-sensor-proxy
```

Lamulo lachitatulo likapanda kuonetsa ACCEL_MOUNT_MATRIX, vuto lili pa mzere woyamba wa fayilo, osati pa manambala. Tabuleti zina zotchipa opanga ake sanalembe n'komwe dzina, mumangopeza "To be filled by O.E.M." kapena "Default string". Pa kompyuta yanu yokha mutha kufupikitsa mzerewo kuti uthere pa `dmi:*`, poti palibe wina amene angasokonezeke nawo.

Pali kanthu kena kobisika. Tabuleti zambiri zazing'ono, komanso timakompyuta ta m'manja ngati ta GPD, zili ndi galasi la sikirini lopangidwira kuima chotalika koma lomangidwa chopingasa. Matrix imawerengedwa potengera mmene galasilo linapangidwira, ndipo kernel ili ndi mndandanda wakewake wa zipangizo zotere. Choncho normal ya monitor-sensor mwina siigwirizana ndi mmene inu mumagwirira tabuleti. Choweruza chenicheni ndi chimene sikirini ikuchita.

monitor-sensor ikunena zoona koma sikirini siikusuntha

Apa kernel yamaliza ntchito yake, musaikhudzenso. GNOME ya masiku ano imatembenuza sikirini pokhapokha ikakhulupirira kuti kompyuta ili ngati tabuleti. Pa laputopu yopindika imadikira chizindikiro cha SW_TABLET_MODE, chimene chimachokera ku ma driver ena monga intel_vbtn, intel_hid kapena thinkpad_acpi, osati ku accelerometer. Thamangitsani `sudo libinput debug-events`, pindani kiyibodi kumbuyo, muone ngati patuluka mzere wa tablet-mode. Ukapanda kutuluka, vuto ndi limenelo. KDE Plasma pa Wayland ili ndi posankha ngati kutembenuka kuzichitika nthawi zonse kapena pa tabuleti pokha. Onaninso loko wa kutembenuka, amene anthu amamugunda mwangozi:

```
gsettings get org.gnome.settings-daemon.peripherals.touchscreen orientation-lock
```

monitor-sensor ikangoima pa "Waiting for iio-sensor-proxy to appear", musavutike ndi systemctl enable. iio-sensor-proxy imadzutsidwa ndi udev ikaona sensa imene ikuidziwa, ndiye onani ngati `udevadm info` ikuonetsa IIO_SENSOR_PROXY_TYPE, ndipo werengani `journalctl -u iio-sensor-proxy`. monitor-sensor ikakana ndi mawu akuti simunaloledwe, mwina mwalowa muli kutali kudzera pa SSH. Polkit, pulogalamu yopereka zilolezo, imalola munthu amene wakhala pa kompyutapo.

Kwa olemba mapulogalamu: buffer

Kuwerenga mafayilo a raw n'kokwanira ngati mukungofuna kudziwa kupendekeka kangapo pa sekondi. Sikokwanira poyeza kunjenjemera kwa injini kapena kuwerenga mapazi a munthu. Fayilo iliyonse imawerengedwa pa nthawi yakeyake, ndiye x, y ndi z zimene mwapeza si za mphindi imodzi, komanso simudziwa nthawi yeniyeni imene zinayezedwa. Pa ntchito zotere pali buffer, malo osungirako miyeso motsatizana, imene imawerengedwa pa /dev/iio:device0. Dongosolo lake ndi lokhwima, ndipo zolakwika zambiri zimabwera chifukwa chosinthanitsa masitepe. Muli root, mkati mwa foda ya sensa:

```
echo 0 > buffer/enable
echo 1 > scan_elements/in_accel_x_en
echo 1 > scan_elements/in_accel_y_en
echo 1 > scan_elements/in_accel_z_en
echo 1 > scan_elements/in_timestamp_en
cat ../trigger0/name > trigger/current_trigger
echo 128 > buffer/length
echo 1 > buffer/enable
hexdump -C /dev/iio:device0
```

Kuyatsa buffer kumakhala komaliza. Ikayaka, kusintha ma channel, trigger kapena length kumakanidwa ndi "Device or resource busy". Mzere woyatsa ukayankha "Invalid argument", kawirikawiri palibe channel imene yasankhidwa kapena current_trigger ilibe kanthu.

Trigger ndi chimene chimauza driver kuti yeza tsopano. Yabwino koposa ndi ya chip yeniyeniyo, imene imagwiritsa ntchito waya wa INT. Wayawo ukapanda kulumikizidwa ndi kulembedwa mu device tree, trigger imeneyo siioneka. Ukalembedwa koma pa pini yolakwika, zonse zimaoneka ngati zayaka koma hexdump imangodikira mpaka kalekale. Onani /proc/interrupts, ndipo ngati nambala ya pa mzere wa sensa siikukwera, vuto ndi waya kapena mtundu wa interrupt umene munalemba. Ngati waya palibe, ma driver ambiri amalola trigger ya wotchi:

```
modprobe iio-trig-hrtimer
mkdir /sys/kernel/config/iio/triggers/hrtimer/yanga
```

Pamatuluka trigger yatsopano yokhala ndi fayilo ya sampling_frequency. Koma si onse amene amavomera. Driver ya MPU-6050 imalandira trigger yake yokha, choncho pa chip imeneyi waya wa INT ngwofunika ngati mukufuna buffer.

Tsopano za 65520 uja. Zotuluka mu buffer si malemba, ndi ma byte osakonzedwa, ndipo kamangidwe kake kalembedwa mu mafayilo a scan_elements othera ndi _type. Chip zambiri za Kionix ndi Bosch zimanena `le:s12/16>>4`. Kumasulira kwake: byte yaing'ono ili patsogolo, nambala imatha kukhala ya minus, ma bit enieni ndi 12 osungidwa m'malo a 16, ndipo muyenera kuwakankhira kumanja ndi 4. Mukaiwala s, -16 wa ma bit 16 amaoneka ngati 65520. Mukaiwala kukankha, zonse zimakula ka 16. MPU-6050 imanena `be:s16/16>>0`, byte yaikulu patsogolo, ndipo mukaiwerenga ngati le manambala amadumphadumpha ngati sensa yapenga pamene ili bwino. Pa chip yomweyo timestamp ndi `le:s64/64>>0` pa makompyuta athu wamba, kutanthauza kuti muyeso umodzi uli ndi mitundu iwiri ya kasanjidwe.

Kenako pali mipata. Chilichonse chimayambira pa malo ogawika ndi kukula kwake. x, y ndi z za ma byte awiriawiri zimatenga 6, koma timestamp ya ma byte 8 siingayambire pa 6, imayambira pa 8. Muyeso umodzi ndi ma byte 16, osati 14. Wowerenga 14 amapeza muyeso woyamba uli bwino, wachiwiri wasokonekera, ndipo kuyambira pamenepo palibe chomveka. Mu Python, pa chip ya le:

```
x, y, z, t = struct.unpack('<hhhxxq', data)
x >>= 4
```

Ma xx awiriwo ndiwo mpata. Dongosolo la ma channel limachokera mu mafayilo a _index, osati mmene munawayatsira, ndipo mukayatsa channel ina monga kutentha, kamangidwe konse kamasintha. Timestamp ili mu ma nanosecond ndipo poyamba imatsatira wotchi ya realtime, imene imalumpha kompyuta ikakonza nthawi pa intaneti. Pa Raspberry Pi yopanda wotchi ya batire kulumphako kumakhala kwakukulu. Lembani monotonic mu current_timestamp_clock.

Musanakayikire driver, yesani ndi chida chimene si chanu. Mu source ya kernel, pa tools/iio, muli iio_generic_buffer ndi lsiio. Palinso libiio ya Analog Devices, yokhala ndi iio_info ndi iio_readdev, ndipo imadziwa kale zonse za _type ndi mipata. Zida zimenezi zikapereka manambala abwino, cholakwika chili mu pulogalamu yanu. Pa ntchito yaikulu ndingakulangizeni kungogwiritsa ntchito libiio m'malo molemba zonsezi nokha.

Busy ndi Permission denied

/dev/iio:device0 imatsegulidwa ndi pulogalamu imodzi pa nthawi, ndipo ma driver ambiri amakana kuwerenga raw buffer ikayaka. Pa laputopu amene wagwira kawirikawiri ndi iio-sensor-proxy. Iimitseni ndi `sudo systemctl stop iio-sensor-proxy` pamene mukuyesa. Pulogalamu yanu ikafa isanazimitse buffer, buffer imatha kutsala yoyaka, ndiye muzilemba 0 mu buffer/enable poyamba penipeni.

`sudo echo 1 > fayilo` siigwira, chifukwa amene amatsegula fayiloyo ndi shell yanu, osati sudo. Gwiritsani ntchito `echo 1 | sudo tee fayilo`. Kuti pulogalamu isamayende ngati root, lembani lamulo la udev lopereka /dev/iio:device* ku gulu limodzi la ogwiritsa ntchito. MODE ndi GROUP zimakhudza fayilo ya mu /dev yokha, za mu /sys zimafuna RUN yosintha eni ake. Musatsegulire aliyense ndi 0666. Accelerometer yowerengedwa mothamanga imamva kugunda kwa zala pa sikirini, ndipo pofuna kuteteza zinsinsi za anthu Android 12 inaika malire a 200 Hz kwa mapulogalamu opanda chilolezo chapadera.

Ikadzuka ku tulo, komanso laputopu zakale

Sensa ikafa kompyuta ikadzuka, bwererani pa in_accel_x_raw. Ikakhala kuti ikusintha, yambitsaninso iio-sensor-proxy basi. Ikakhala yowuma, tulutsani driver ndi `modprobe -r` n'kuilowetsanso. Pa hub mungafunike kuchita zimenezi pa intel_ish_ipc kapena amd_sfh, osati pa hid_sensor_accel_3d yokha. Zikathandiza, ikani malamulowo mu script ya mu /usr/lib/systemd/system-sleep/, koma dziwani kuti uku n'kuphimba chabe, cholakwika chili mu driver kapena mu BIOS, ndipo kernel kapena BIOS yatsopano ndi imene ingachithetse.

ThinkPad, HP ndi MacBook zakale zili ndi accelerometer ya ntchito ina, yoteteza hard disk laputopu ikagwa. IBM inayamba zimenezi mu 2003, Apple mu 2005. Ma driver ake, hdaps, hp_accel pamodzi ndi lis3lv02d, ndi applesmc, sadutsa mu IIO. Manambala ali mu fayilo ya position pansi pa /sys/devices/platform, ndipo pa HP palinso /dev/freefall. Ma driver amenewa amadzionetsanso ngati joystick, n'chifukwa chake masewera ena amangokhotera mbali imodzi munthu asanagwire kanthu. Ngati munaika kale SSD ndipo sensayo simukuifuna, blacklist ya driver imeneyo mu /etc/modprobe.d imathetsa nkhaniyo.

Matrix imene mwaipeza n'kuiyesa mbali zonse zinayi itumizeni ku systemd pa GitHub kuti ilowe mu 60-sensor.hwdb, ndi mzere wa DMI wolunjika pa mtundu wanu wokha. Ngati dzina la wopanga palibe, gwiritsani ntchito mtundu ndi deti la BIOS, zimene zili pa bvr ndi bd mu modalias. Ngati vuto lili mu driver, lipoti lipite ku linux-iio, gulu la pa imelo la okonza IIO, ndipo likhale ndi zotuluka za `uname -r`, modalias ziwiri zija, mizere ya dmesg yokhudza sensa, mafayilo a name ndi scale, komanso manambala a raw a chipangizocho chitagona, chitaima, ndi chitapendekera mbali iliyonse.